Ndani Agwire Kona Yanga

20 Epulo

Okondedwa amake Phwiti,

Choyamba landirani moni. Muli bwanji inu ndi mwana? Amayi anga mwendo uja uli bwanji? Apongozi muwapatse moni. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga, m'mawa madzi a pampopi akuluma zala.

Kalata yanu andipatsa adalaivala a basi. Mwati Phwiti akutsokomola, koma simunanene ngati chifuwacho ndi chouma kapena cha makhololo, ngati thupi likutentha kapena ayi. Zotere muzinena zonse, chifukwa mukanena theka ine kuno ndimamaliza ndekha m'mutu, ndipo ndimamaliza moipa. Mupite naye kuchipatala, za mankhwala a pagolosale ayi. Mbaula musamagone nayo m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji. Ndinanena kale koma ndikunenanso.

Tsopano imvani. Nyengo yozizira mahotela amene timawachapira sakhala ndi alendo ambiri, ndiye kuntchito amatilola kupita kwathu mosinthana, aliyense mwezi umodzi. Chaka chatha ndinali watsopano, sanandiwerengere. Chaka chino akapitawo anditchula, anditi Juni. Ndibwera, Mulungu akalola. Mwana ndinamusiya asanayambe kukwawa, lero mukuti amathamangitsa nkhuku.

Koma pali lamulo lake. Makina sayima. Wopita kwawo amasiya munthu womugwirizira malo, amupeze yekha, amuphunzitsenso yekha. Malipiro a mwezi umenewo amadya wogwirizirayo. Mwini malo akabwera amatenganso malo ake. Ndi mmene zimayenera kukhalira.

Anzanga ayamba kale kundilangiza. Pali bambo wina wosita malaya, timangomuti a Simbi, pakamwa pake sipapuma. Dzana tikumwa tiyi anati, “Iwe Kafupi, kwanu ukupita, chabwino. Koma pamalo pako usiyepo chidakwa kapena mlesi. Akapitawo azikusowa tsiku lililonse, ukamabwera akulandire ngati mvula.” Onse anaseka. Ine ndinafunsa kuti nanga chidakwacho chikaononga nsalu za eni, mlandu ukhala wa ndani? Anati, “Ukuona? Vuto lako ndi limenelo. Umaganiza ngati kampaniyi anakusiyira bambo ako.” Sindinapezebe munthu. Ndikuyang'ana.

Achimwene anu ali bwino. Ntchito sinapezekebe, mwezi wachitatu uno. Amadzuka m'mawa, amazungulira mageti, amabwera madzulo nsapato zili mbuu. Akugona pansi, pa katoni, m'chipinda changa chomwechi, ndipo akatambasula miyendo chitseko chimavuta kutseka. Ndinawauza kuti alamu, inu kutalikaku mukanagawirako ena, lendi tikanalipira yochepa. Anati, “Alamu, mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu wosafika pa shelefu, ndiye wina m'banjamo ayenera kufikira.” Timaseka choncho. Koma akuonda.

Mafuta ophikira akwera, sopo wakweranso. Zimene ndatumiza mugule kaye za mwana. Chitseko chakumbuyo musaitane kalipentala, ndidzakonza ndekha, ndabwera kale ndi mahinjesi m'maganizo. Za kubwera kwanga musauze anthu, auzeni amayi anga okha.

Ndine,
bambo ake a Phwiti.

11 Meyi

Amake Phwiti,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Ndasangalala kumva kuti chifuwa chatsika. Mankhwalawo amalize botolo lonse ngakhale akuoneka wachira. Ine ndili bwino.

Zimene mwalemba ndamva. Mwati apongozi anabwera kawiri kudzafunsa chifukwa chimene ndikufunira munthu wakunja pomwe mwana wawo ali pansi m'chipinda changa. Si kuti sindinaganize. Ndinaganiza tsiku lomwe akapitawo ananditchula. Kungoti ndinali kuganizabe. Koma chibale ndi fupa, ndipo ana awo atatu aja sadya maganizo anga. Ndavomera. Achimwene anu ndi amene andigwirizire. Muwauze apongozi mtima ukhale pansi.

Munafunsa kuti ntchitoyo ndi yotani kuti mpaka kuphunzitsana. Ndi yosita nsalu za pabedi, zija zazikulu zoyera za m'mahotela. Sitisita ndi simbi. Pali makina aakulu, kutalika kwake ngati chipinda chathu chogona, ali ndi chimgolo chotentha chimene chimazungulira osaleka. Timawatcha Ng'ona. Timaima anthu awiri kutsogolo kwake. Nsalu ikachoka kochapa ili yonyowa, wina amagwira kona ya kumanja, wina ya kumanzere, timaikung'untha, kuikoka kuti ithine, ndi kuiika pakamwa pa Ng'ona nthawi imodzi. Wina akatsogola pang'ono kapena kutsitsa dzanja, nsalu imalowa mopendama, imatuluka ndi makwinya, imabwerera kochapa. Zikachuluka zobwerera akapitawo amabwera kudzaima kumbuyo kwako osayankhula. Ine kona yanga ndi ya kumanzere. Ya kumanja amagwira bambo wina wachikulire, wamtali, timawati a Mlongoti. Sayankhula. Chiyambire kugwira nawo, mawu awo ndi “tiye” ndi “dikira” basi.

Ndiye madzulo tikuphunzira m'chipinda ndi nsalu yakale imene ndinapempha. Tebulo ndiye Ng'ona. Achimwene anu poyamba ankaseka, amati, “Alamu, munthu ndasenzapo matumba a simenti, lero ndiphunzire kuyala bedi?” Ndinawaonetsa chala cha mayi wina wa kuntchito, ndikutanthauza kuti ndinawauza za icho, poti chalacho palibe. Kuseka kunatha.

A Simbi atamva anandikokera pambali. Anati, “Mlamu? Wasankha mlamu? Chabwino. Koma usamupatse zonse. Muonetse kugwira, usamuonetse kusiya.” Kusiya ndiko kumavuta. Pali kanthawi kamene nsalu imakoka yokha, ukachedwa kumasula zala imapita nazo, ukafulumira kona imapindika. Ine zinanditengera miyezi. Tsono ndiuzeni inu, ndingabise bwanji chimenecho? Akapsa dzanja, apongozi ndikawayang'ana ndi maso ati? Ndawaonetsa zonse. Kusiya, kuponda chitsulo choimitsira makina, kumvera phokoso la lamba akafuna kuduka, ngakhale mmene a Mlongoti amapumira asanakweze nsalu. Mutu ali nawo achimwene anu, akugwira msanga.

Ndapeza juzi ya mwana yofiira ndi masokosi. Juziyo ndagula yokulirapo, mudzapinda manja. Inu nenani chimene mukufuna, koma chisakhale cholemera, basi amalipiritsa katundu.

Ndine wanu,
bambo a Phwiti.

7 Juni

Amake Phwiti,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino, mutu wokha ukundiwawa masiku ano, mwina ndi nthunzi.

Iyi ndi yomaliza ndisananyamuke. Ndikwera Loweruka likubwerali, ndifika Lolemba ngati basi siifa panjira. Musabwere ndi mwana kudepoti, kuli mphepo ndi fumbi. Musaphe nkhuku, mazira akufunika. Mng'ono wanga abwere ndi njinga yekha.

Chithunzi changa chija chili m'Baibulo muchitulutse, muzimuonetsa Phwiti m'mawa ndi madzulo, muziti adada awa. Pachithunzipo ndilibe ndevu, ndiye ndimeta kuti tifanane.

Lachitatu akapitawo anati mlamu wakoyo abwere timuone pa makina. Ndinapita nawo. Ndinawabwereka ovolosi yanga, inawalekeza m'mawondo, anthu onse kochapira anasiya ntchito ndi kuseka. A Simbi anakuwa kuti, “Kafupi wabweretsa makwerero!” Achimwene anu anangoti, “Msiyeni, nsanje.” Anaima pa kona yanga, ine ndinaima kumbuyo. A Mlongoti anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, anati tiye.

Nsalu yoyamba inalowa mowongoka. Yachiwiri chimodzimodzi. Anapitiriza mpaka ngolo yonse ya nsalu inatha, yobwerera panalibe. Ine tsiku langa loyamba theka la ngolo linabwerera. Ndinanyada ndithu, poti wophunzitsa ndine. Akapitawo anagwedeza mutu, anati waphunzitsa bwino. Kenaka ndinamva a Mlongoti akuseka. Achimwene anu anawauza kanthu, sindinamve kuti n'chiyani, iwo n'kuseka mpaka kuoneka mano. Ine sindinkadziwa kuti bambo aja ali ndi mpata m'mano.

Palibe vuto. Ndangonena.

Potsanzika akapitawo anati, “Upite bwino, ukawaone kunyumba.” Ndinati zikomo, ndibwera tsiku lakutilakuti, ndinatchula tsiku kawiri. Anati eya, eya, uku akuyang'ana ngolo. Ndi munthu wotanganidwa.

Chipinda ndawasiyira achimwene anu, agone pabedi mwezi umenewu, msana upumeko ku katoni. Ndawauza za eni nyumba, kuti safuna alendo ndiponso safuna wailesi. Usiku wa dzulo anaphika okha, anati, “Alamu, chimene mwandichitira sindidzaiwala.” Ndinati musandithokoze, mungondisungira.

Mahinjesi ndagula, ndi loko watsopano. Mubwereke hamala kwa aneba kuti ndikangofika ndiyambe. Tikumana Lolemba.

Ndine,
bambo a Phwiti.

16 Julayi

Amake Phwiti,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa apongozi. Ndinafika bwino. Basi inachedwa koma tsiku langa silinadutse, ndinafika kudakali tsiku limodzi.

Zikomo pondisamala mwezi wonse. Mawu aja ndinayankhula tsiku lomwe hamala inandimenya chala muwaiwale. Sanali a inu. Munthu ukafika pakhomo pako n'kupeza kuti sudziwa pamene pamakhala mchere, mtima umachita zina.

Za mwana musadandaule, ndipo musamukalipirenso. Si kulakwa kwake. Iye anazolowera adada a m'Baibulo, osayankhula, osatsokomola, osakhala pampando wake. Sabata yoyamba ija akubisala kuseri kwa chitseko ndinkachita ngati sindikuona. Juzi analandira poti inadzera m'manja mwanu. Koma kumapeto kuja munaona nokha, anandilola kumuveka sokosi imodzi. Inayo anakana, anati avale ndi amama, koma imodzi ija ndinaveka ine. Tsiku lonyamuka sanalire. Anati, “Bayi alendo.” Inu munatembenukira kukhoma. Ine sindinakhumudwe, mwana waulemu ameneyo, mwamulera bwino.

Anzanga a mpira aja mukawaona muwapatse moni. Tsiku loyamba anadzaza khonde, sabata yachiwiri anatsala Golokipa yekha, ndipo naye tsiku lililonse nkhani inali imodzi, “Aise, unditenge, ngakhale yosesa.” Ndinamuuza kuti ndiona. Akabwera kudzafunsa muziti sanalembe kanthu. Kuno kulibe choona.

Chitseko chakumbuyo hinjesi ya pansi sindinamange bwino, thabwa lafumbwa. Muzichikweza pang'ono potseka, musachikankhe ndi phazi.

Za kuntchito. Ndinapita m'mawa wake ndi ovolosi yanga. Ndinapeza achimwene anu ali kale pa kona, avala ovolosi yatsopano yowakwana. Akapitawo anati, “Wabwera? Ntchito idakali yochepa, mahotela sanadzaze. Pumula kaye sabata ino, ulendo ndi wautali.” Ndinati sindinatope. Anati pumula. Ndinaima pang'ono pafupi ndi Ng'ona. Achimwene anu anati, “Alamu, mwafika? Kunyumba ali bwanji?” koma maso ali pa nsalu, ndipo n'zoona, pamenepo munthu sayang'ana kumbali, ndinawaphunzitsa ndine. A Mlongoti anandigwedezera mutu. A Simbi sananene nthabwala iliyonse, anangondipatsa theka la buledi wawo. Chimenecho ndiye chinandiopsa.

Mwina ndi sabata imodzi yokha. Apongozi musawauze kanthu. Mwezi uno nditumiza zochepa, mukudziwa kuti mwezi watha sindinalandire. Muyambe mwagula ufa ndi makala, zina zidikire.

Ndine,
bambo a Phwiti.

6 Ogasiti

Amake Phwiti,

Moni. Muli bwanji ndi mwana? Mwati wayamba kunena mawu ambiri. Mulembeko ena ndiwaone. Ine ndili bwino, zala zokha zasweka ndi madzi, ndiye mukhululuke zilembo.

Mwafunsa mafunso ambiri. Ndiyankha amene ndingathe.

Inde ndikugwira ntchito. Ayi, si pa kona yanga. Andiika kosankhula zakuda, kumene ngolo zimafikira kuchokera ku mahotela. Timasiyanitsa matawulo, nsalu za pabedi ndi za patebulo, zothimbirira kwambiri timaviika m'madzi ozizira. Zimene anthu amasiya m'nsalu za m'mahotela sindingalembe m'kalata. Kumeneko ndi ganyu. Umaima pageti m'mawa, akakuloza walowa, akapanda kukuloza wabwerera. Sabata yatha anandiloza masiku ambiri ndithu.

Ndinafunsa akapitawo kuti nanga lamulo lija? Anati lamulo lilipo, koma ntchito imaona nsalu, ndipo chichokere ine zobwerera zachepa. Ndinati munthuyo ndinamuphunzitsa ndine. Anati n'chifukwa chake sindinakuthamangitse.

Lachisanu a Mlongoti anandidikira pageti poweruka. Tinayenda limodzi mpaka pokwerera basi. Anayankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndawamvapo. Anati, “Mwana wanga, usamuyese woipa mlamu wako. Amene ndinapempha akapitawo ndine. Iwe manja ako ndi abwino, kuposa ake. Koma kuti nsalu ilowe mowongoka manja a anthu awiri ayenera kulingana. Iwe sungakwere, ndiye ine ndinkatsika. Nsalu iliyonse ndinkawerama. Ndinkafika kunyumba osatha kuvula nsapato, ankandivula ndi akazi anga. Mwezi umene unachoka ndagona ngati munthu. Zaka zanga zapita, ndikufuna ndigwireko pang'ono ndisanagwe.” Ndinafunsa kuti bwanji simunanene nthawi yonseyi, ndikanaika thabwa pansi n'kuimapo. Anati pa Ng'ona saloleza thabwa, ukaterereka umagwera m'kamwa mwake. N'zoona, saloleza. Anati pepa. Ndinati palibe kanthu bambo. Nanga ndikanati chiyani? Munthu n'kumuimba mlandu chifukwa cha msana wake?

Ine ndinkaona ngati kusayankhula kuja ndi khalidwe lawo.

M'chipinda tikukhala bwinobwino. Bedi anandibwezera tsiku lomwe ndinafika, ndinakana, iwo anakananso, ndiye masiku awiri tonse tinagona pansi bedi lili lokha. Pano ndikugonapo ine. Chakudya akugula ndi iwo. Amabwera ndi nyama, amaika patebulo, sitiyang'anana. Nthabwala za kutalika zija zinatha.

Mwati apongozi alandira katundu kuchokera kwa mwana wawo, bulangete ndi shuga, ndipo akuyenda nyumba ndi nyumba kuonetsa. Asiyeni asangalale, anadikira nthawi yaitali. Mwatinso akazi a achimwene anu akudutsa pakhomo osapereka moni. Mwina ndi manyazi, si mwano.

Chimodzi ndikupemphani. Musawalembere achimwene anu. Ndikudziwa mtima wanu, mukapsa mumalemba ngati mukuswa nkhuni. Nkhaniyi ndi ya kuntchito, ndiikonza ndekha. Mwamva? Musalembe.

Ndine,
bambo a Phwiti.

27 Ogasiti

Amake Phwiti,

Moni. Ndikhulupirira mwana ali bwino. Ine ndilipo.

Ndinati musalembe.

Kalata yanu inawapeza Lamlungu. Anaiwerenga ataima, anaipinda, anakhala pa katoni. Kenaka anati, “Alamu, mlongo wanga akuti ndadya mwana wake.” Ndinati sanatanthauze choncho. Anati, “Walemba choncho. Akuti ndisadzapondenso pakhomo pake.” Sanadye tsiku limenelo.

Lolemba ine pageti sanandiloze. Ndili pobwerera, a Simbi anatuluka akuthamanga, simbi ataisiya pa malaya a eni. Anati, “Kafupi, thamanga, mlamu wako wapenga, akusiya ntchito!” Mlonda anandilola kulowa. Ndinapeza Ng'ona ikuzungulira yopanda nsalu, a Mlongoti ataima okha, achimwene anu ali kwa akapitawo ovolosi ili m'manja. Ankati, “Malowa ndi a alamu anga. Ine ndinangogwirizira. Abwezereni, ine ndikupita.”

Akapitawo sanakweze mawu. Anati, “Ukufuna kupita, pita. Koma usaganize kuti ukachoka ndiikapo Kafupi. Pageti pali anthu aatali angati? Ndituluka, ndiloza mmodzi, sabata ziwiri waphunzira. Malo ano si munda wa banja lanu woti muzigawana.” Atatero anayamba kuyenda kulowera kugeti.

Amake Phwiti, ine sukulu sindinapite nayo patali koma pamenepo ndinaona msanga. Akachoka achimwene anu, kona ipita kwa munthu wosamudziwa. Nyumba yathu ikhala yopanda kanthu, ya achimwene anu yopanda kanthu, apongozi opanda kanthu, lendi ya chipinda palibe wolipira. Ndinathamanga kukawatsekereza akapitawo kutsogolo. Ndinavula chipewa. Ndinati bwana, akhululukireni, sanagone bwino, alandira uthenga woipa kuchokera kumudzi. Munthuyu ntchito amaidziwa, ndinamuphunzitsa ndekha, simupeza wina wotere pageti. Musamuchotse. Ndinagwada, amake Phwiti. Pansi ponyowa paja, anthu onse akuona, ndinagwada kupempha kuti munthu wina akhale pamalo panga.

Akapitawo anati, “Inu awiri mwandidyera nthawi.” Anauza achimwene anu kuti avale. Iwo anangoima. Ndinatenga ovolosi ija ndi kuwaponyera pachifuwa, ndinati alamu valani, nsalu zikuuma. Anati, “Alamu.” Ndinati valani, musandichititse manyazi kawiri. Anavala. A Mlongoti anati tiye.

Sindikukukalipirani. Munalemba chifukwa cha ine ndi mwana, ndikudziwa. Koma tsopano zatha, aliyense wamva ndi makutu ake kuti kona ija si yanganso. Poyamba ndinkadzuka ndi kachiyembekezo, pano ndimangodzuka.

Chimene muchite ndi ichi. Mupite kwa akazi a achimwene anu, mutenge mwana, mukakhale pansi mucheze. Musakatchule za kuno. Kenaka muwalembere achimwene anu mawu awiri okha, kuti pakhomo ndi pawo. Munthu wosweka mtima pa Ng'ona amasiya zala.

Mwezi uno muona kuti katundu wabwera m'dzina lawo. Mulandire. Musabweze.

Ndine,
bambo a Phwiti.

24 Seputembala

Amake Phwiti,

Moni kwa inu nonse. Ndamva kuti amayi mwendo watupanso, muwauze asamapite kumunda, mng'ono wanga alipo. Ine ndili bwino. Kwayamba kufunda, zala zikupola.

Zikomo kuti munapita kuja ndinakutumani, ndiponso kuti munalemba. Achimwene anu kalatayo anaiika m'thumba la ovolosi, akuyenda nayo.

Mahotela adzaza, ndiye kosankhula akundiloza pafupifupi tsiku lililonse. Akapitawo akuti chaka chikamatha mwina andilemba kuti ndikhale wokhazikika kumeneko. Malipiro ake safika pa a kona, koma ndi ntchito. Ndinayesa kufunsa kochapira kwina kuseri kwa msika. Makina awo ndi atsopano, amakoka nsalu okha, safuna anthu awiri. Ndiye ndikhala pompano.

Mawu a mwana mwalemba aja ndawerenga. Galimoto, mpira, iwe, ayi. Ayi mwati amanena kwambiri. Watengera inu.

Tsopano nkhani ina, ndipo muimve bwino musanapse mtima. Dzulo tikudya achimwene anu anati chaka chamawa nyengo yozizira dzina lawo lidzatuluka, adzafuna kupita kukaona ana. Wamng'ono uja anamusiya ali m'mimba. Anazungulira nthawi yaitali, kukamba za basi, za mitengo ya katundu, kenaka anati, “Alamu, wondigwirizira ndilibe wina. Mukakana ndimva.” Ndinafunsa kuti a Mlongoti akudziwa? Anati awafunsa kale, akuti mwezi umodzi wokha angapirire.

Ndavomera. Mwezi umenewo ndidzalandira malipiro a pa kona, adzatithandiza kugula thabwa la chitseko ndi kuyamba kusungira za sukulu ya mwana. Komanso nyengo yozizira kosankhula ganyu imasowa, ndikanangokhala. Tonse awiri sitingachoke nthawi imodzi. Ndiye chaka chamawa mudzalandira achimwene anu, ine ayi. Za chaka chinacho sindinena, ndaphunzira kusatchula masiku. Amayi ndiwauza ndekha nthawi ikayandikira, inu musayambe.

Munafunsa za bulangete lija munabwereka kwa aneba ndili kumeneko, kuti mwina tigule lathu lachiwiri poti pano mitengo yatsika, lidzakhale lilipo ndikamadzabwera. Musagule. Mugulire mwana nsapato. Awiri inu limodzi likukwanani.

Ndine,
bambo a Phwiti.